Masitazi ya m'kalasi, ya kafukufuku kapena PhD: kusiyana kwake pa zachuma, akaunti ndi za ndalama

Pa 1 Januwale 2024 dziko la Britain linayamba kutsatira lamulo latsopano lokhudza ophunzira ochokera kunja. Kuchokera tsiku limenelo, munthu wopita kukachita masitazi ya m'kalasi saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana ake pa viza ya sukulu. Mwayiwu unatsala kwa amene akuchita PhD kapena digiri ina yapamwamba imene mbali yake yaikulu ndi kafukufuku, komanso kwa amene boma likuwalipirira. Mawu awiri amene anthu ankangowadumpha pa makalata a yunivesite, akuti taught (ya m'kalasi) ndi research (ya kafukufuku), anasanduka nkhani ya pabanja: tipita tonse, kapena ndipita ndekha?

Apa mpamene ambiri anazindikira kuti kusiyana kwake sakukudziwa bwino. Si vuto lawo. Amene wamaliza digiri yoyamba ya zachuma ku UNIMA kapena ya akaunti ku MUBAS akayamba kufunafuna malo kunja, amakumana ndi mulu wa zilembo: MSc, MCom, MRes, MPhil, PhD, DPhil, DBA. Pambali mnzake akumuuza kuti asadzivutitse, angolemba mayeso a ukatswiri wa ntchito, ACCA ya akaunti kapena CFA ya za ndalama. Onsewa munthu akhoza kuwachita pambuyo pa digiri yoyamba, koma kumene akupita ndi kosiyana.

Digiri ya kafukufuku ndi chiyani

Taganizirani za anthu awiri a zaulimi. Woyamba ndi mlangizi. Anaphunzira bwino za mbewu, feteleza ndi tizilombo, ndipo ntchito yake ndi kutenga zimene zikudziwika kale n'kupita nazo kwa alimi. Wachiwiri ali ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze. Iye ali ndi funso limene palibe amene walipezera yankho: kodi mbewu iyi ikhoza kupirira chilala kuposa inzake? Amadzala, amayeza, amalemba, mwina zaka zitatu, ndipo pomaliza akhoza kupeza kuti zimene ankayembekezera si zoona. Onse awiri ndi ofunika, ndipo wina sangagwire bwino ntchito popanda mnzake.

Masitazi ya m'kalasi imakonza munthu ngati mlangizi uja: mumaphunzitsidwa, mumalemba mayeso, pomaliza mumalemba kafukufuku wamfupi. Digiri ya kafukufuku imakonza munthu wa ku Chitedze. Chimene amakuyesani nacho ndi buku limodzi lalikulu, thesis, ndipo pa PhD bukulo liyenera kukhala ndi kanthu katsopano kamene dziko silinkakadziwa.

Maganizo amenewa si akale kwambiri. Mawu akuti doctor anachokera ku Chilatini ndipo ankatanthauza mphunzitsi, munthu wololedwa kuphunzitsa zimene akale analemba. Zinthu zinasintha ku Germany pamene Wilhelm von Humboldt anathandiza kukhazikitsa yunivesite ya Berlin mu 1810, ndi mfundo yakuti kuphunzitsa ndi kufufuza ziziyendera limodzi. M'mayunivesite a kumeneko, maphunziro onse amene sanali a zachipembedzo, malamulo kapena udokotala wa chipatala ankakhala pansi pa nthambi ya philosophy. Ndi chifukwa chake mpaka lero katswiri wa misonkho kapena wa mabanki amatchedwa Doctor of Philosophy. Ku America, Yale inapereka ma PhD oyamba mu 1861. Oxford inayamba mu 1917 n'kuitcha DPhil, dzina limene ikugwiritsabe ntchito. DPhil ndi PhD ndi chinthu chimodzi.

Masitazi: dzina lokha lisakupusitseni

Ku Britain, MSc wamba imatenga miyezi 12. Magawo awiri mwa atatu ndi makalasi, gawo lotsalalo ndi kafukufuku wa miyezi itatu kapena inayi. MRes imatembenuza zinthu: makalasi ake ambiri ndi ophunzitsa njira zofufuzira, ndipo kafukufuku amatenga malo aakulu. Cholinga chake ndi kukonzekeretsa munthu PhD. MPhil, m'mayunivesite ambiri, ndi zaka ziwiri za kafukufuku yekhayekha, ngati PhD yaing'ono.

Koma mayinawa sagwiritsidwa ntchito mofanana paliponse, ndipo apa ndi pamene anthu amapunthwa. MPhil ya zachuma ya ku Oxford ndi ya zaka ziwiri zodzaza ndi makalasi ndi mayeso. Ku mayunivesite akale a ku Scotland, monga Edinburgh ndi Glasgow, MA ya zachuma ndi digiri yoyamba. Ku South Africa digiri yoyamba yambiri imatenga zaka zitatu, kenako pamabwera chaka cha Honours munthu asanalowe masitazi, ndipo MCom imodzimodziyo ikhoza kukhala ya makalasi kapena ya kafukufuku yekha malinga ndi mmene mwalembetsera. Amene anachita digiri ya zaka zinayi ku Malawi kapena ku Zambia amayenera kudutsa ku SAQA, bungwe loyeza madigiri kumeneko, kuti aone ngati digiriyo ikufika pa Honours.

Ngakhale lamulo la viza la ku Britain lija silikuyang'ana dzina. Likuyang'ana ngati kafukufuku ndi amene wachuluka kuposa makalasi, ndipo yunivesite ndi imene imatsimikizira zimenezi pa kalata yake. Choncho funso lofunsa musanalipire kalikonse ndi lakuti: mwa mamaliki onse a digiriyi, angati akuchokera ku thesis?

PhD ya ku America ndi ya ku Britain

Njira ziwirizi ndi zimene zafala, ndipo maiko ena amatsatira imodzi mwa izo kapena kuziphatikiza.

Ku America munthu akhoza kulowa PhD ya zachuma ali ndi digiri yoyamba yokha, bola masamu ake akhale olimba. Safunsidwa kubwera ndi mutu wokonzeka. Chaka choyamba aliyense amaphunzira zinthu zitatu: microeconomics, yomwe ndi zosankha za mabanja ndi makampani, macroeconomics, yomwe ndi chuma cha dziko lonse, kukwera mitengo kwa zinthu ndi ulova, ndi econometrics, luso lofinya ziwerengero kuti zitulutse yankho lodalirika. Kumapeto kwa chakacho kuli mayeso aakulu ndipo olephera amatuluka, nthawi zambiri atapatsidwa masitazi. Chaka chachiwiri munthu amasankha nthambi zake, kenako n'kuyamba kulemba. Zonse zimatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mayunivesite ambiri odziwika salipiritsa fizi pa PhD ndipo amapereka ndalama yodyera, wophunzira n'kumabweza pothandiza kuphunzitsa kapena kufufuza.

Njira yakale ya ku Britain ndi yaifupi, zaka zitatu kapena zinayi. Mumabwera muli ndi masitazi kale, mwalemba proposal yofotokoza funso lanu, deta imene mudzagwiritse ntchito ndi njira yoyankhira, ndipo mwapeza mphunzitsi amene wavomera kukuyang'anirani. Makalasi ndi ochepa. Zili ngati kuphunzira ukalipentala pansi pa mmisiri mmodzi, pamene ku America zili ngati kulowa kaye ku Soche Technical zaka ziwiri musanapatsidwe matabwa anuanu.

Kusiyanaku kukuchepa. Nthambi zikuluzikulu za zachuma ku Britain, monga ya ku London School of Economics, tsopano zimafuna kuti munthu adutse kaye MRes ya zaka ziwiri asanalowe gawo lolemba. Bungwe la ESRC, limene limalipirira kafukufuku wa zachikhalidwe ndi zachuma kumeneko, linali ndi dongosolo lotchedwa 1+3: chaka chimodzi chophunzira njira zofufuzira, zaka zitatu za PhD. Nayonso thesis yasintha maonekedwe. M'malo mwa buku limodzi lalitali, ambiri a zachuma ndi za ndalama amalemba mapepala atatu odziimira paokha, ndipo labwino kwambiri mwa atatuwo ndi limene amakafunira ntchito.

DBA ndi ya anthu amene ali kale pa maudindo akuluakulu ndipo akufuna kufufuza vuto la m'kampani kapena m'ntchito yawo, kawirikawiri akugwirabe ntchito. Ndi digiri ya udokotala, koma nthambi zambiri za zachuma polemba aphunzitsi zimafuna PhD.

Kodi ofufuza za chuma amachita chiyani tsiku lonse?

Chitsanzo chabwino chili pakhomo pompano. Mu 2008 akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anayamba kafukufuku m'boma la Zomba pakati pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Funso lawo linali losavuta kulimva: ngati mukupereka ndalama ku mabanja, kodi ndi bwino kuika lamulo lakuti mwana azipita kusukulu, kapena kungopereka? Madera anagawidwa mwa maere. Ena ankalandira ndi lamulolo, ena popanda lamulo, ena sankalandira konse. Maerewo ndiye mtima wa njirayi, chifukwa amachititsa kuti magulu akhale ofanana pa china chilichonse kupatula ndalamazo.

Zotsatira zinatuluka mu 2011 mu Quarterly Journal of Economics, ndipo sizinakondere mbali imodzi. Ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri kusukulu. Ndalama zopanda lamulo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati a ana, makamaka pakati pa amene anasiya sukulu, chifukwa iwo ankalandirabe pamene anzawo a gulu lina anadulidwa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene phindu la kafukufuku limaonekera bwino: aliyense anali ndi maganizo ake asanayambe, koma palibe amene akanatha kunena molondola kuti zinthu zidzagawika chonchi.

Si onse amapita kumudzi ndi mafomu. Ambiri amakhala pa kompyuta ndi mapulogalamu a ziwerengero monga Stata, R kapena Python, akugwira ntchito ndi ziwerengero zimene ena anatolera. Ofesi ya boma yotolera ziwerengero ya NSO ku Zomba yakhala ikuchita kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey kuyambira 1997/98, ndipo wachisanu anachitika mu 2019/20. Mathesis ambiri onena za umphawi ndi feteleza wotsika mtengo ku Malawi anachokera mmenemo. Ena amafufuza zinthu ngati zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti: mitengo ya m'misika inatsatira mofulumira bwanji, ndipo anapwetekeka kwambiri ndani?

Wophunzira akhozanso kugwedeza akuluakulu. Mu 2010 Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff a ku America anasindikiza pepala losonyeza kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma cha dziko, chumacho chimakula pang'onopang'ono kwambiri. Andale ambiri analigwiritsa ntchito. Mu 2012 Thomas Herndon, wophunzira wa ku University of Massachusetts Amherst, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yobwereza masamu a pepala lodziwika, ndipo anasankha la awiriwa. Manambala ake sankagwirizana ndi awo. Atapatsidwa fayilo ya Excel ya eni ake mu 2013, anapeza kuti maiko asanu anasiyidwa powerengera. Eniakewo anavomera cholakwikacho koma anakana zina zimene ankadzudzulidwa nazo, ndipo mtsutso wa ngongole ndi kukula kwa chuma ukupitirirabe.

Akaunti: ACCA si kafukufuku, PhD si laisensi

Pano ndi pamene chisokonezo chimakula. ACCA, CIMA ndi maphunziro a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti ku Malawi, ndi a ukatswiri wa ntchito. Amakuphunzitsani kukonza mabuku motsatira malamulo a akaunti a padziko lonse otchedwa IFRS, kuchita odit ndi kuwerengera msonkho, ndipo ndi amene amatsegula njira yoti mudzasayine mabuku a kampani. PhD ya akaunti sikupatsani mphamvu imeneyo. Iyo imafunsa za malamulowo: kodi amathandizadi? Kodi mabwana amasewera bwanji ndi manambala a phindu chaka chikamatha? Kodi odita amene wakhala ndi kampani imodzi zaka 15 amaonabe zolakwika?

Kwa nthawi yaitali aphunzitsi a akaunti ankangotsutsana za mmene mabuku ayenera kulembedwera, popanda umboni. Mu 1968 Ray Ball ndi Philip Brown, anyamata a ku Australia amene ankachita PhD ku Chicago, anayerekeza phindu limene makampani amalengeza ndi mitengo ya masheya awo. Anapeza kuti mitengo imatsatiradi nkhani ya phindu, koma mbali yaikulu ya kusinthako imachitika lipoti lisanatuluke. Kuchokera pamenepo kafukufuku wa akaunti ku America anakhala wa ziwerengero, wofuna econometrics ngati wa zachuma.

Ku Britain, ku Ulaya ndi ku Australia kuli mwambo wina pambali pa umenewu. Anthony Hopwood anayambitsa magazini ya Accounting, Organizations and Society mu 1976, ndipo ofufuza a mbali imeneyi amalowa m'mabungwe, amacheza ndi ogwira ntchito, amawerenga makalata akale, kuti amvetse mmene manambala amalamulira anthu. Amene akufuna kudziwa chifukwa chimene malipoti a Auditor General amabwereza zolakwika zomwezo chaka ndi chaka akhoza kupeza kwawo ku mbali imeneyi. Musanalembe kalata yofunsira malo, werengani zimene aphunzitsi a nthambiyo asindikiza, mudzadziwa kuti ali mbali iti.

Za ndalama

Finance ndi imene ili ndi masamu olemera kwambiri pa zitatuzi, ndipo inayambira m'mathesis a ophunzira. Louis Bachelier analemba yake ku Paris mu 1900, yofotokoza kuyendayenda kwa mitengo ya pamsika mwa masamu, ndipo inakhala pafupifupi zaka 50 akatswiri a zachuma asakuilabadira. Harry Markowitz, wophunzira wa ku Chicago, anasonyeza mu 1952 zimene mlimi wodzala chimanga, chinangwa ndi mtedza amadziwa kale, kuti chiopsezo chimachepa ukaphatikiza zinthu zimene sizigwa nthawi imodzi. Iye anapereka njira yoziwerengera, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1990. CFA, yokhala ndi mayeso a magawo atatu, imaphunzitsa kugwiritsa ntchito nzeruzi poika ndalama za anthu. PhD imayesa ngati nzeruzo zikugwirabe, mwachitsanzo pa msika waung'ono ngati Malawi Stock Exchange, pamene makampani ndi ochepa ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa.

Njira ya mu Africa muno

Si onse ayenera kuwoloka nyanja. Bungwe la African Economic Research Consortium, lodziwika kuti AERC, linakhazikitsidwa ku Nairobi mu 1988 pofuna kuti maiko a kuno akhale ndi akatswiri awoawo okambirana ndi IMF ndi World Bank. Linaona kuti yunivesite imodzi payokha ilibe aphunzitsi okwanira a nthambi zonse, choncho linayambitsa masitazi ya mgwirizano mu 1993 ndi PhD ya mgwirizano mu 2002. Ophunzira amachita maphunziro oyambira ku mayunivesite awo, kenako amakumana pamodzi pa maphunziro osankha, ophunzitsidwa ndi akatswiri ochokera maiko osiyanasiyana. Ndi chiperegani cha aphunzitsi. Nthambi ya zachuma ya ku UNIMA (kale Chancellor College) yakhala nawo mu masitazi imeneyi, Bunda ili mu ya zachuma cha ulimi imene ophunzira ake amakumana ku Pretoria, ndipo PhD imachitikira m'mayunivesite monga Cape Town, Dar es Salaam, Ibadan ndi Yaoundé II.

Supavaiza, viva ndi ndalama

Pa digiri ya kafukufuku, munthu mmodzi amalemera kuposa dzina la yunivesite: supavaiza. Ndi amene amawerenga zolemba zanu, kukuuzani kuti funso ili lafa kapena lili moyo, ndi kukulemberani kalata pofuna ntchito. Supavaiza amene amatenga miyezi inayi kuti abweze chaputala chimodzi amawonjezera zaka pa digiri yanu. Njira yodalirika yomudziwira ndi kufunsa amene anadutsa m'manja mwake.

Pomaliza pali viva, mayeso apakamwa. Ku Britain mumakhala ndi oyesa awiri, wina wa pa yunivesite yanu, wina wochokera kwina, ndipo amakufunsani kwa maola angapo. Ambiri amakhoza koma amauzidwa kukonza zina, pang'ono kapena zambiri. Ochepa amapatsidwa MPhil m'malo mwa PhD.

Pa ndalama, thandizo lililonse lili ndi khomo lake. Chevening ndi ya masitazi ya chaka chimodzi, si ya PhD, ndipo imafuna kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Commonwealth Scholarship ili ndi zonse ziwiri. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Kuyambira 2021 mabungwe a kafukufuku a boma la Britain anatsegula thandizo la PhD kwa ochokera kunja, koma malo awo sapitirira 30 peresenti.

Zimene sizinathe kukambidwa

Funso loyamba ndi la makalasi. Ena amati PhD yopanda zaka ziwiri za masamu olimba imatulutsa munthu wosatha kupikisana ndi anzake. Ena amayankha kuti makalasiwo amatulutsa anthu oganiza mofanana, ndipo amatsekereza amene ali ndi mafunso abwino koma sanaphunzire masamu apamwamba. Vutoli lakula chifukwa ku America ambiri tsopano amayamba agwira ntchito yothandizira pulofesa chaka chimodzi kapena ziwiri asanalowe PhD, mwayi umene wophunzira wa ku Mzuzu kapena Chipata saupeza mosavuta.

Lachiwiri ndi la amene amasankha mafunso. Kafukufuku wambiri wonena za Africa amene amalowa m'magazini apamwamba amatsogoleredwa ndi akatswiri okhala kunja, ndi ndalama zakunja. Ena amati chofunika ndi chakuti yankho likhale loona, kaya wafufuza ndani. Ena amati mafunso amene nduna ya zachuma kapena banki yaikulu ikufuna, monga a misonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja, amasiyidwa chifukwa deta yake ndi yochepa ndipo sasangalatsa akonzi a magaziniwo.

Palinso lamulo la mayunivesite ena lakuti munthu asindikize pepala asanalandire digiri. Kodi limakweza muyezo, kapena limakankhira ophunzira ku magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola walipira? Nanga popeza makina a AI tsopano akhoza kulemba chaputala chooneka bwino ndi kukonza pulogalamu ya ziwerengero, oyesa adzadziwa bwanji kuti maganizo ali m'bukumo ndi a wophunzirayo? Ndipo amene wamaliza PhD n'kubwerera kwawo, n'kupatsidwa kalasi ya ophunzira mazana angapo popanda ndalama za kafukufuku, nthawi yofufuzira adzaipeza kuti, ndipo ndani ayenera kuilipira?